Ndinagulitsa feteleza ndisanadziwe mtengo wake

Abale ndi alongo, ndapemphedwa kuti ndiyankhule, ndipo popeza sindine munthu wozolowera kuyankhula pagulu, ndalemba papepala. Mundipirire ndikamawerenga pang'onopang'ono. Ambiri mumandidziwa kuti ndine Mbewe wa sitolo ya feteleza ndi mbewu ku Mavwere. Ena mukukumbukira kuti ndinagonapo m'chitokosi masiku anayi. Ena munalipo tsiku limene ngolo zinabwerera kumidzi zitanyamula theka la katundu. Amene simunalipo munangomva, ndipo zambiri zimene munamvazo n'zoona. Ndaima pano chifukwa ndikudziwa kuti m'holo muno muli amalonda ndi atsogoleri a makalabu amene mwayamba kale kulandira ndalama za alimi za feteleza wa chaka chino. Ndikufuna mumve mmene ine ndinagwera ndi ndalama zotere, ndi mmene ndinabwezera matumba a eni ake.

Sitoloyo tinaitsegula ndi mkazi wanga Rozina m'zaka zoyambirira za matipati, pamene anthu wamba analoledwa kulima fodya ndi kuchita malonda a zipangizo za ulimi. Tinailembetsa ngati kampani, koma kampaniyo inali ife awiri, sikelo imodzi ndi kapikapu kakale. Rozina ndiye ankasunga mabuku, ine ndinkayenda ku Lilongwe kukatenga katundu. Sitolo ili ndi zaka zitatu, Rozina anadwala, Mulungu n'kumutenga. Ana athu anali atakula kale, aliyense ali pakhomo pake. Ndinatsala ndekha, ndipo ndinalibenso munthu wondifunsa kawiri ndikaganiza chinthu.

Malonda athu ankayenda chonchi. Alimi akagulitsa fodya ku okshoni mu Juni ndi Julayi, ndalama sizichedwa m'nyumba. Kugwa maliro, kubwera achibale, bambo aona wailesi kapena njinga, pofika mvula palibe kanthu. Choncho ambiri, makamaka amayi, ankabwera nazo kwa ine kudzalipiriratu feteleza. Ine ndinkalemba risiti: dzina, mudzi, matumba akuti, walipira zonse, adzatenge mu Novembala. Sindinkalemba kuti ndasunga ndalama zakuti. Ndinkalemba matumba. Matenanti a m'maesiteti amene anali ndi timinda tawo nawonso ankabwera, ena kudzalipira thumba limodzi lokha. Ankandikhulupirira chifukwa ankandiona kutchalitchi, ndiponso ndinali wapampando wa mphakati wathu, kagulu ka akhristu a m'dera lathu.

Fetelezayo sindinkamugula nthawi yomweyo, chifukwa kunalibe. Kampani yaikulu ya ku Lilongwe imene ndinkagulako inkachita kuitanitsa kunja, ndipo katundu ankafika mu Okutobala. Mtengo wawo unali wa madola. Ife tinkalipira makwacha, koma malinga ndi mtengo wa dola wa tsiku lotenga katundu. Zaka ziwiri zitatu za m'mbuyomo dola inkasuntha pang'ono, phindu langa n'kukwirira. Sindinkaziganizira n'komwe.

Chaka chimene ndikunenachi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 90, ndinalandira ndalama za matumba 600. Nditapita kukalembetsa oda yanga mu Julayi, mayi wowerengera ndalama pakampanipo, a Msiska, anandikhazika pansi. Anandifotokozera kuti kampani yawo siidikira Okutobala kuti idziwe mtengo wa dola. Imapita ku banki katundu asanafike, kudakali miyezi itatu kapena inayi, n'kupangana kuti tsiku lakuti idzagula madola akuti pa mtengo wakuti. Tsikulo likakwana, kaya dola yakwera kaya yatsika, banki imapereka madolawo pa mtengo wa papepala. Mgwirizano umenewu, anatero, amautcha fowadi. Anati ngati ndifuna, matumba anga angathe kulowa m'mgwirizanomo. Ndikanapereka chikole ndi kandalama kowonjezera pa thumba lililonse, mtengo wanga wa makwacha n'kumangidwa tsiku lomwelo.

Ndinafunsa kuti nanga dola ikatsika. Anati ndidzalipira mtengo womwewo. Ikakwera? Womwewonso. Pamenepo mtima wanga unakana. Ndinaona anthu awiri akubetcherana pa chinthu chimene sichinachitike, wina adzaseke wina adzalire. Ine ndinali munthu amene ndinkadzudzula otchova juga ya makadi kuseri kwa msika. Ndinkadananso ndi mavenda aja ogula mtedza uli m'munda nthawi ya njala, mwini wake asanadziwe kuti udzagulidwa bwanji. Zonsezi ndinaziika m'dengu limodzi. Ndinathokoza a Msiska mwaulemu, n'kuwauza kuti ine sindichita malonda a mawa, chifukwa mawa lili m'manja mwa Mulungu. Iwo sanandikakamize. Anangondifunsa ngati alimi anga ndinawauza kale mtengo. Ndinati inde. Anangotseka faelo.

Ndinabwerera kwathu ndikudzimva ngati munthu wopambana mayesero. Ndinamufotokozera mlamu wanga Sitifano, mlongo wake wa Rozina, amene ankasintha ndalama pa boda, mmodzi wa aja amaima ndi mipukutu ya makwacha a kuno ndi a ku Zambia yomanga ndi labala. Ntchito yake sindinkaikonda, koma mwini wakeyo ndinkamukonda. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, imwe ndimwe oyera, ine ndine wochimwa, dziko lonse likudziwa," anatero. "Koma wochimwane sindigona ndi makwacha a munthu amene ndamulonjeza madola. Manje imwe mugona nawo miyezi itatu. Rozina akanakhalapo, bwenzi atakubwezani ku Lilongwe pa basi yomweyo."

Ndinamuyankha kuti kutchalitchi sindinamuonekonso chichitikire Pasaka, choncho za Mulungu andisiyire. Tinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mu Ogasiti kwacha inagwa. Ndinamva pa wailesi ndikutsegula sitolo m'mawa. Nditawerengera pa mtengo watsopano, ndalama zimene ndinali nazo zinkakwana matumba pafupifupi 400. Ndikanapita tsiku lomwelo kukamanga mtengo wa matumba amenewo, n'kuitana alimi kuwauza zoona, bwenzi nkhaniyi ili ina. Koma ndinadikira. Ena ankati boma likonza, ena ankati ndalama za fodya zibwezera kwacha m'malo mwake. Dola inapitirira kukwera. Mu Seputembala ndinatapa ndalama za alimi ku banki n'kuyamba kupita nazo pa boda, mbali imene Sitifano sankaimako kuti asandione. Ndinkagula madola m'mawa kuti ndigulitse madzulo. Ndinkagula makwacha a ku Zambia chifukwa wina wandinong'oneza kuti akwera. Anthu aja anakulira ntchitoyo, ine ndinali mlendo. Pogula ankandidula, pogulitsa ankandidulanso. Ine amene ndinakana pepala la a Msiska poopa juga, ndinatchova juga yeniyeni masabata atatu ndi ndalama za amayi amasiye, korona yopempherera ili m'thumba la jekete. Katundu atafika mu Okutobala, ndinangotha kugula matumba 300.

Mvula yoyamba itagwa, ngolo zinandanda kutsogolo kwa sitolo, aliyense atagwira risiti yolembedwa ndi dzanja langa. Ndinawauza kuti atenge theka, otsalawo adzatenga. Funso linali limodzi: liti? Pofika masana wina anali atakaitana apolisi. Sindimuimba mlandu. Mwina ndiye anandipulumutsa, chifukwa anthu anali atayamba kutola miyala. Ananditulutsa m'chitokosi ndi Sitifano ndi akuluakulu a mphakati, titalemba pangano pamaso pa alimi. Ine ndinkafuna kubweza ndalama, koma alimi anakana, ndipo anali ndi mfundo: ndalama imene inkagula thumba mu Julayi sikanaligulanso. Analipira matumba, ndiwabwezere matumba. Ndinagulitsa kapikapu kaja ndi ng'ombe zathu zinayi, n'kugula matumba 160, amene anafika chimanga chili kale m'mawondo. Anatsala 140. Ndipo mumvetse, ngongole ya matumba siikhala chete ngati ya ndalama. Dola ikakwera nayonso imakula, mwini wake uli chigonere.

Ndinatseka sitolo. Ndili ndi zaka zopitirira makumi asanu ndinayamba kumwa kachasu, amene sindinamulawepo chibadwire. Ndinkamwa dzuwa likuswa mtengo, kuseri kwa sitolo yanga yomwe, botolo nditalikulunga m'thumba lakale la feteleza ngati anthu sakudziwa. Ku Misa ndinasiya kupita. Kunena zoona, si manyazi okha amene anandiletsa. Ndinali wokwiya. Ndinkati mumtima, Ambuye, munanditengera mkazi sindinadandaule, ndinakana juga chifukwa cha inu, ndiye malipiro ake ndi awa? Juga ya pa boda ija sindinkaiwerengera, ndinkati ndinachita kukankhidwirako. Ndikunena izi poyera chifukwa munthu akagwa amafuna wina womusenzetsa mlandu, ndipo ine ndinasankha boma, dola ndi Mulungu.

Mu Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zambiri zimakhala zilibe kanthu, kunabwera a Nachisale, mayi wamasiye wa m'mudzi wina chakumadzulo kwathu. Analipira matumba asanu ndi limodzi, analandira atatu, ndipo pa 160 aja dzina lawo silinafikidwe. Anandipeza nditakhala pa ndowa yozondotsa, botolo lili pakati pa mapazi. Anandilonjera bwinobwino, atagwada pang'ono, ngati andipeza muofesi. Kenako anati abwera kudzanditenga kuti ndikaone munda wawo. Ndinati thupi silili bwino. Anati adikira. Anakhaladi pamthunzi, miyendo atatambasula, osayang'ana botolo. Ndinayesa kumwa iwo ali pomwepo, zinandikanika. Ndinadzuka, n'kuwatsatira.

Tinayenda pafupifupi ola lathunthu, iwo patsogolo ine pambuyo. Munda wawo unali wotsetsereka kulowera kudambo. Matumba atatu aja sanawamwaze munda wonse. Anathira mokwanira kumtunda, kumunsi n'kusiyako. Kumtunda chimanga chinali chobiriwira, chitamasula ngayaye, chondipitirira msinkhu. Kumunsi chinali chachikasu, chofika m'chiuno, mapesi ake owonda ngati udzu wofolera. Malire ake anali owongoka ngati anachita kukoka chingwe. Anandiimika pa mzere umene feteleza anathera.

"A Mbewe, sindinakuitanireni kudzakutukwanani. Otukwana anatukwana kale," anatero. "Ndili ndi funso limene likundisowetsa mtendere. Mu Julayi inu munandiuza mtengo wa feteleza wa mu Novembala. Munaulemba, ine ndinabwerera kwathu mtima uli m'malo. Nanga inuyo, anakuuzani mtengo wa mu Novembala ndani?"

Ndinati palibe.

"Ndiye munkaudziwa bwanji?"

Ndinati sindinkaudziwa, ndinkangokhulupirira kuti Mulungu asunga zinthu mmene zinalili. Iwo anathyola tsamba limodzi lachikasu n'kumalipinda m'manja.

"Kupolisi kuja munanena nokha kuti ku Lilongwe anafuna kukulemberani pepala longa limene inu munandilembera ine, inu n'kukana, akuti ndi juga. Ngati n'choncho, ndiye kuti ine munanditchovetsa juga. Kapena pepala limakhala loyera mukalemba inu, akalemba ena n'kusanduka tchimo?"

Ndinaima pamenepo, mphepo ikugwedeza chimanga cha mbali zonse ziwiri, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona bwinobwino chimene ndinachita. Risiti iliyonse imene ndinalembera mlimi inali fowadi. Zaka zonsezo ndinkamanga mtengo wa mawa, ndipo sindinkautcha tchimo, ndinkati ndikuthandiza anthu. Koma ndinamanga mbali yogulitsa yokha, mbali yogula n'kuisiya yomasuka. Pakati pa pepala limene ndinalemba ndi pepala limene ndinakana, mpamene panali kubetcha, ndipo wobetchayo ndinali ine. Ndinabetcha kuti dola siikwera, tsiku lomwe lija ndinatuluka muofesi ya a Msiska ndikudziona woyera. Pepala lawo likanachotsa kubetchako. Chimene ndinkachitcha chikhulupiriro chinali kulamula Mulungu kuti agwire dola isasunthe, chifukwa chakuti Mbewe sanafune kusaina.

Ndinakhala pansi m'ngalande ya mzere, n'kulira mmene sindinalirirepo ngakhale pa maliro a Rozina. A Nachisale sananditonthoze. Anatenga khasu limene anabisa m'chimangamo n'kuyamba kubandira. Atamaliza mizere iwiri anabwerera pamene ndinakhala.

"Atatu anga aja ndikuwafunabe," anatero. "Inuyo ndakukhululukirani, koma matumba ayi. Ndipo munthu wa kachasu sangandibwezere."

Loweruka la sabata imeneyo ndinapalasa njinga kupita ku parishi ya Guilleme kukalapa. Za mowa ndi za pa boda ndinazinena mosavuta. Chimene chinandilemera pakamwa chinali kunena kuti ndinadzikuza, ndipo kudzikuzako ndinakuveka dzina la Mulungu. Kachasu sanandisiye tsiku lomwelo. Ndinagwanso kawiri. Kachiwiriko Sitifano anabwera n'kundinyamula kukakhala kwake mwezi wathunthu. Lamulungu lililonse ndiye ankandidzutsa kuti tipite ku Misa, akumauza mkazi wake kuti dziko latembenuka, wosintha ndalama akuperekeza wapampando kutchalitchi. Ndinkangoseka naye. Anali ndi ufulu wondiseka.

Mu Epulo ndinatsegula sitolo, mulibe kanthu koma sikelo. Ndinayamba kugulira mtedza munthu wina wa ku Lilongwe, amene ankandipatsiratu mtengo ndi ndalama, ine n'kumalandira kangachepe pa thumba lililonse. Ndinadziikira lamulo lakuti sindigula kanthu ndisanadziwe wondigula ndi mtengo wake. Kenako ndinaitana onse amene ndinali nawo ngongole. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndinawerenga maina ndi matumba mpaka anakwana 140, ndipo ndinawauza zonse, ndi za pa boda zomwe. Ena anadzuka n'kumapita ndisanamalize. Otsalawo tinagwirizana kuti oyamba kubwezeredwa akhale a thumba limodzi ndi awiri. Maganizo amenewa anali a a Nachisale, ngakhale ankadziwa kuti akudziika okha kumapeto kwa mndandanda.

Ulendo wovuta unali wobwerera kwa a Msiska. Ndinazungulira mpanda wa kampaniyo kawiri ndisanalowe. Iwo sanandikumbutse za chaka chatha. Anatenga pepala loyera n'kundiphunzitsa ngati mwana wa sukulu, ndipo ndinamvetsera ngati mwana wa sukulu. Anati makampani onse a m'maiko ngati athu, kumene ndalama imatha kugwa usanakonzeke, amakhala pa vuto limodzi. Oitanitsa feteleza, mafuta ndi mankhwala amagula ndi madola n'kugulitsa ndi makwacha, choncho amaopa kukwera kwa dola, ndipo amapangana ndi banki kuti adzagula madola pa mtengo wodziwika. Otumiza kunja tiyi, shuga kapena mtedza amalandira madola koma amalipira antchito makwacha, choncho amaopa kutsika kwake, ndipo amapangana kuti adzagulitsa madola awo pa mtengo wodziwika. Anati palinso mgwirizano wina wonga inshuwalansi, umene umalipira ndalama yosabwezedwa kuti ukhale ndi ufulu wogula pa mtengo wakuti ukadzafuna, ndipo msika ukadzakhala wotchipa umangousiya. Koma umenewo, anatero, ndi wodula, komanso kuno supezeka wamba.

Ndinawafunsa molunjika ngati m'zinthuzi mulibedi juga. Anati imakhalamo, sangandinamize. Alipo makampani amene amamanga madola ochuluka kuposa katundu amene akuitanitsa, poyembekezera kupha makwacha dola ikakwera, ndipo ena agwa nazo. Amenewo akubetcha. Anati muyeso wake ndi umodzi: umange zokhazo zimene walonjeza kale kwa munthu, osaonjezapo thumba ngakhale limodzi.

Popeza dzina langa linali litaipa, kampani inafuna chikole chachikulu kuposa kale. Sindinatsutse. Ndinasinthanso kachitidwe. Ndinkayamba kulemba maina a ofuna feteleza, osalandira ndalama. Ndinkapita ku Lilongwe kukamva mtengo womangidwa, umene ankandisungira sabata imodzi. Ndikabwerako mpamene ndinkalandira ndalama n'kulemba marisiti, ndipo sabata yomweyo ndinkakazipereka zonse n'kusaina. Kope la mgwirizanowo ndinkalikhoma pakhoma la sitolo kuti aliyense wodziwa kuwerenga aone. Chaka chimenecho amene anandikhulupirira analipira matumba 80 okha. Ndinaonjezapo 50 a ngongole kuchokera ku ndalama za mtedza, onse n'kuwamanga.

Tsono mverani izi, chifukwa mwina zidzakuchitikirani. Chaka chimenecho dola siinasunthe. Pofika Novembala, mnzanga wina wa sitolo ku Kamwendo, amene sanamange kanthu, ankagulitsa motchipa kuposa ine. Alimi anang'ung'udza. Bambo wina ananena pagulu kuti pepala la pakhomalo ndi njira yatsopano yowabera. Sitifano naye sanandisiye, ankati ndagula ambulera yodula mvula n'kukana kugwa. Mtima unayamba kundiuza kuti ndapusitsidwa kachiwiri. Nditawadandaulira a Msiska, anati ndalama yowonjezera ija sindinagulire phindu, ndinagulira kudziwa, ndipo anandifunsa ngati miyezi inayiyo ndinatsegulako wailesi ndi mantha. Ndinaganiza, n'kupeza kuti ayi. Aliyense wa eni matumba 80 aja analandira zake zonse, ndipo anthu a thumba limodzi ndi awiri anabwezeredwa.

Chaka chotsatira analembetsa a matumba 250. Ngongole inali itatsala 90. Ndinasonkhanitsa zonse za mtedza, n'kugulitsanso malata a shedi yathu ya fodya, kuti 90 amenewo alowe onse m'mgwirizano. Ena a mphakati anandilangiza kuti ndidikire, chifukwa chaka chatha ndinangotaya ndalama. Ndinawathokoza, koma ndinasaina.

Miyezi iwiri isanathe, kwacha inayambanso kutsetsereka, ndipo ulendo uno sinaime msanga. Sabata iliyonse mtengo wa dola unali wina. Ndinaima kutsogolo kwa pepala la pakhoma lija n'kuliwerenga katatu. Kenako ndinapita ku positi ofesi pa boma kukaimba foni, kufunsa a Msiska ngati kampani yawo siisintha maganizo poona mmene zinthu zakwerera. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo inunso muzilifunsa musanasaine, chifukwa mgwirizano umalimba molingana ndi amene wapangana naye. Anandiyankha kuti banki inawamangira iwo, iwo anandimangira ine, ndikonze malo osungira katundu.

Lole inafika mu Okutobala ndi matumba 340. Ndinawerenga ndekha pamene ankatsitsa, thumba ndi thumba, ndipo litatsika lomaliza ndinalowa m'sitolo, n'kutseka chitseko, n'kugwada pakati pa milu ija. Ndinangoti zikomo, kangapo. Masabata amenewo ndinkamva za anzanga ena akubweza ndalama kwa alimi, ena akupereka theka, wina atathawira ku Chipata. Sindinakondwere nazo, ndinkadziwa kulemera kwa katundu amene anasenza. Koma pasitolo panga ngolo iliyonse inachoka ndi zimene zinali pa risiti. Bambo uja anati ndikuwabera anatenga ake khumi, n'kundigwira chanza osandiyang'ana kumaso. Zinandikwanira.

A Nachisale anabwera tsiku lachitatu ndi ngolo yobwereka. Anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa risiti ija, itafiira, m'mapindiro mutang'ambika. Tinakweza matumba atatu. Anagwira lililonse, kuona ngati msoko wake ndi wa kufakitale. Ndinalemba pa risitipo kuti zatha, n'kusaina, ndipo dzina lawo linali lomaliza pa mndandanda. Iwo anakwera pangolo, n'kukhala pamwamba pa matumba awo.

"Mtengo wa chaka chamawa mwamanga?" anafunsa.

Ndinati nthawi yake siinakwane, mpaka Julayi.

"Mukakamanga mundiuze. Ndidzalipira eyiti."

Abale anga, sindinalemere. Galimoto sindinagulenso, ndimakwera matola ngati wina aliyense, ndipo shedi ndinafolera ndi udzu. Zaka zina mgwirizano umandipulumutsa, zaka zina ndimalipira kuposa mnzanga, ndipo zonsezo ndimazilandira. Mowa sindinaukhudzenso. Ndimapemphera kuposa kale, koma sindipemphanso Mulungu kuti andigwirire ntchito imene anandipatsira nzeru ndi cholembera.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwalemba kale marisiti chaka chino, mwalembamo matumba, koma mtengo umene mudzagulire simukuudziwa. Mwina wina ali kale pamene ine ndinali mu Seputembala muja, akuyesa kubweza zotayika mwakachetechete. Ngati ndi inu, imani pomwepo, muwerenge zimene zatsala, muitane eni ake. Theka lonenedwa lero alimi angathe kukonzekera nalo, koma lobisidwa mpaka mvula limawapha ndi njala. Lolemba ndikupita ku Lilongwe kukamanga mtengo wa chaka chino, ndikwera basi yoyamba. Amene akufuna tikwere limodzi, ndikakulowetsani muofesi ndekha kuti musazungulire mpanda ngati ine. Mubwere ndi chiwerengero chenicheni cha matumba amene mwalonjeza, osachepetsa chifukwa cha manyazi. Ine ngongole yanga inali matumba 140, ndipo lero ndimayenda pamsika uwu nditadzutsa mutu. Ambuye alemekezeke.